Kodi Mnyamata Alimbitsa Thupi Chifukwa Ninji?

Masiku ano, m'mizinda ya maiko ambiri ndi m'makomboni a kwathu kuno, mitima ya anyamata a zaka 14 kufikira 18 yatengeka ndi zitsulo. Amene ali ndi ndalama alipira ku jimu. Amene alibe athira simenti m'zitini ziwiri za penti, nazilumikiza ndi mpope wachitsulo, nayamba kunyamula kuseri kwa nyumba m'mawa ndi madzulo. Mukawafunsa chimene afuna, yankho lao liri limodzi: akatumba akulu pamkono, ndi mimba yogawika timabokosi, imene iwo aitcha sikisi paki.

Makolo ena akondwa, chifukwa mwana wao sayendayendanso ku mowa. Ena ada nkhawa, poona mwana amene kale adali kudya nsima mosangalala tsopano aikankhira kumbali, nakhala nthawi yaitali pa kalilole atabvula malaya. Tsono funso labwera: kodi chinthu ichi nchabwino kapena nchoipa? Owerenga okondedwa, funsoli silaling'ono monga lionekera. M'kati mwake muli msinkhu wa mwana, mtima wake wa m'chifuwa, ndalama za pakhomo, ndiponso maganizo amene iye adzakhala nao pa za iye mwini kufikira ukalamba. Tiyeni tiliunike bwino, osathamangira kuweruza.

Thupi si mdani

Poyamba tichotse ganizo lolakwa limene lizembera ngakhale anthu opemphera, lakuti thupi ndi chinthu chonyozeka, ndipo kulisamala nkutaya nthawi. Ganizo limeneli ndi lakale. Adaliphunzitsa Amanikeo, amene ankati zonse zogwirika ndi manja zidachokera ku mphamvu yoipa. Augustine Woyera adakhala m'gulu lao ngati zaka 9, pambuyo pake nalisiya, nalitsutsa kolimba m'mabuku ake. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira chaka cha 1274, adaphunzitsa kuti munthu ndiye thupi ndi mzimu pamodzi, kotero kuti mzimu wopanda thupi lake suli munthu wathunthu. Ngati ziri tero, ndiye kuti mkono wamphamvu ndi mphatso, monga momwe liu lokoma ndi mutu wakuthwa ziri mphatso.

Madotolo nawonso abvomereza. M'chaka cha 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidalangiza kuti ana a zaka 5 kufikira 17 azigwiritsa nchito thupi mphindi ngati 60 pa tsiku, ndi kuti masiku atatu pa mlungu azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa. M'chaka chomwecho bungwe la madotolo a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, lidanena kuti kunyamula zolemera sikupinimbiritsa mwana, malinga achita moyenera ndi moyang'aniridwa. Mantha akale aja akuti mwana wonyamula zitsulo adzakhala wamfupi alibe umboni. Amene abvulala, kawirikawiri abvulala chifukwa chonyamula chopyola mphamvu zao, kapena kunyamula mokhotakhota, kapena chitsulo kuwagwera popanda wowathandiza.

Chotero mbali yoyamba ya yankho njapafupi. Kulimbitsa thupi pakokha nkwabwino. Mnyamata amene adzuka m'mamawa, nagonjetsa ulesi, napirira kutopa, aphunzira kanthu kamene kadzamthandiza m'kalasi, m'munda ndi m'banja. Kholo lisathamangire kumlanda zitini zake.

Thupi liri ndi malamulo ake

Koma munthu wofuna kulamula chinthu ayenera kuyamba wadziwa malamulo ake. Mlimi salamula chimanga kuti chikhwime mwezi umodzi. Thupi nalonso litero.

Mwana asanathe msinkhu, akamachita masewera olimbitsa thupi mphamvu zake zichuluka ndithu, koma minofu siikula kwenikweni. Chimene chichitika nchakuti ubongo ndi mitsempha ziphunzira kugwiritsa nchito bwino minofu imene ilipo kale. Kukula kwa minofu kuyamba pamene thupi la mnyamata layamba kupanga mankhwala ake achibadwa otchedwa testosterone ochuluka. Nthawi imeneyi siifika tsiku limodzi kwa onse. Anyamata awiri a zaka 15 angathe kunyamula chitsulo chimodzi miyezi isanu ndi umodzi, wina natupa mikono, wina osasintha konse. Wachiwiriyo sali waulesi ai. Nthawi yake siinakwane.

Nanga timabokosi ta pamimba tija? Munthu aliyense ali nato. Mnofu wotsika kuchokera pa nthiti kufikira pa chinena uli wodulidwa ndi timizere tolimba topingasa, kawirikawiri titatu, ndipo chiwerengero chake ndi kayalidwe kake munthu abadwa nazo. Chimene chitibisa ndi mafuta a pansi pa khungu. Munthu angathe kupinda mimba kambirimbiri tsiku ndi tsiku, mnofuwo nulimba, koma mafuta a pamwamba pake sachoka pamalo amodzi pokha chifukwa chopinda pamenepo. Achepa m'thupi lonse pamodzi. Apa ndipo pagona ngozi, pakuti mnyamata akamva zimenezi ayamba kudzimana chakudya pa nthawi imene mafupa ake ali kufuna chakudya koposa nthawi ina iriyonse ya moyo wake. Pa za mkono, ambiri alimbikira katumba wa kutsogolo yekha chifukwa ndiye aoneka m'kalilole, osadziwa kuti mnofu wa kumbuyo kwa mkono ndiwo waukulu. Ndipo aiwala miyendo ndi msana, zimene zisenza munthu moyo wake wonse.

Dziwaninso kuti mnofu sukula pa nthawi yonyamula. Kunyamula kuutopetsa chabe. Ukula pamene munthu apuma, nadya, nagona. Akatswiri a za tulo alangiza maola 8 kufikira 10 usiku uliwonse kwa achinyamata a zaka 13 kufikira 18. Masiku awiri kapena atatu pa mlungu, osatsatizana, ngokwanira kunyamula. Za chakudya chomanga thupi, akatswiri ena mu 2018 adasonkhanitsa zofufuza 49 zochitidwa pa anthu akulu, napeza kuti kupyola magalamu ngati 1.6 a puloteni pa kilogalamu iriyonse ya kulemera kwa munthu pa tsiku, phindu silionjezekanso. Dzira limodzi liri ndi magalamu ngati 6. Nyemba, soya, mtedza, usipa ndi mkaka zigwira nchito yomweyo imene ugwira ufa wa m'zitini wogulidwa ndi ndalama zambiri.

Agriki akale adazidziwa izi mwa njira yao. Adali ndi ngwazi ya masewera ogwetsana, Milo wa ku Croton, amene adapambana kasanu ndi kamodzi pa masewera a ku Olympia zaka zoposa 500 Ambuye asanabadwe. Ankasimba kuti iye adayamba kusenza mwana wa ng'ombe tsiku ndi tsiku, ng'ombe ikukula iyenso mphamvu zikukula, mpaka adasenza nkhunzi. Makolo athu akadati pang'onopang'ono ndi mtolo. Aristotle, pofotokoza kuti khalidwe labwino likhala pakati pa kuchepa ndi kupyola, adatchula Milo yemweyo: chakudya chimene chimchepera Milo chimchulukira munthu wongoyamba kumene. Muyeso woyenera uli wa munthu payekha. Aristotle yemweyo adaonanso kuti mwa opambana ku Olympia, awiri kapena atatu okha ndiwo adapambana ali anyamata napambananso atakula, chifukwa ambiri adatha mphamvu zao pokakamizidwa ali anthete.

Mphamvu zogwirira nchito ndi mphamvu zoonetsa

Tsono tifike pa mtima wa nkhani. Anthu amphamvu akhalapo chiyambire. Wosema mitondo, wokumba mchenga kumtsinje, wopalasa kabaza atanyamula matumba a makala, onsewa ali ndi matupi olimba, ndipo ambiri a iwo timabokosi tija tioneka popanda kutifuna. Koma iwo sayang'ana mimba yao, ayang'ana nchito. Chatsopano m'masiku athu nchakuti thupi lisulidwa kuti lionedwe.

Mwambo umenewu uli ndi chiyambi chodziwika. Eugen Sandow, wobadwa mu 1867 ku Königsberg, adayamba ngati munthu wonyamula zolemera pamaso pa anthu. Pa chionetsero cha ku Chicago mu 1893 kudaoneka kuti anthu akondwa kwambiri poona minofu yake koposa poona zimene anyamula. Iye ankapima mafano amiyala a Agriki kuti thupi lake lifanane nao. Mu 1901 adakonza mpikisano waukulu mu Royal Albert Hall ku London, pamene amuna adaweruzidwa pa maonekedwe a matupi ao. Mmodzi wa oweruza adali mlembi wotchuka Arthur Conan Doyle. Taonani kusintha kwake: kale fano lidasemedwa kuti lifanane ndi munthu, tsopano munthu adzisema kuti afanane ndi fano.

Kuchokera pamenepo muyeso wakhala ukukwera. Arnold Schwarzenegger, wa ku Austria, adayamba zitsulo ali mnyamata, nakhala Mr. Universe mu 1967 ali ndi zaka 20, napambana mpikisano wa Mr. Olympia kasanu ndi kawiri, ndipo mafilimu ake adafikitsa thupi lotere m'maso mwa ana a dziko lonse. Mu 1999 dotolo wa matenda a maganizo ku Harvard, Harrison Pope, ndi anzake adapima zidole za asilikali zimene ana a ku America asewera nazo. Adapeza kuti chidole cha m'zaka za m'ma 1960 chidali ndi mikono ya munthu wamba, koma china cha m'zaka za m'ma 1990, chikadakulitsidwa kufika pa msinkhu wa munthu, chikadakhala ndi mikono yoposa ya ngwazi iriyonse ya zitsulo. Lero mwana safunanso chidole. Foni imuonetsa matupi otere mazanamazana asanadye phala la m'mawa.

Ulemu wachabe ndi njira zake zitatu

Kufuna kuti anthu akuone wabwino si tchimo pakokha. Thomas Woyera, polemba za ulemu wachabe, adanena kuti kulakalaka ulemu kusanduka kwachabe mwa njira zitatu: pamene munthu aufuna pa chinthu chosalimba ndi chakutha, pamene aufuna kwa anthu amene kuweruza kwao nkosadalirika, ndi pamene saulunjika ku cholinga choyenera. Tiyese nkhani yathu pa miyeso itatuyi.

Woyamba: chinthu chake. Timabokosi ta pamimba tidalira mafuta ochepa a pansi pa khungu. Malungo a mlungu umodzi aphwetsa mikono. Miyezi iwiri ya mayeso ibisa timabokosi. Zaka zidzachotsa zonse. Ndiponso gawo lalikulu la maonekedwe amenewa munthu alandira kwa makolo ake, monga alandira msinkhu ndi khungu. Kodi nkwanzeru kumanga ulemu wako wonse pa chinthu chimene sudachisankhe ndipo sungathe kuchisunga? Khama limene mnyamata waika nlake ndithu, ndipo liyenera kuyamikidwa. Koma khama likhala mumtima, silikhala pamimba.

Wachiwiri: oweruza ake. Mnyamata ajambula chithunzi, nachiika pa Instagram kapena pa TikTok, nayamba kuwerenga anthu amene achikonda. Anthuwo ndani? Ambiri sadziwa dzina la mai wake, ndipo mawa adzakhala ataiwala. Iye wapereka mtendere wa mtima wake m'manja mwa alendo. Choipa china nchakuti zimene adziyerekeza nazo kawirikawiri nzonyenga. Chithunzi chijambulidwa munthu atangotha kunyamula, magazi atadzaza m'minofu, nyali itaikidwa pamalo pochititsa mithunzi, mimba itakokedwa, ndipo nthawi zina chikonzedwanso pa kompyuta. Zac Efron, wochita mafilimu wa ku America, adaulula mu 2022 kuti thupi limene anthu adalisirira mu filimu ya Baywatch ya 2017 adalipeza pomwa mankhwala ochotsa madzi m'thupi, ndi kuti pambuyo pake adasowa tulo nagwidwa ndi matenda a kukhumudwa. Brian Johnson, wodzitcha Liver King, adauza anthu miyandamiyanda pa intaneti kuti thupi lake lidachokera ku kudya chiwindi chachiwisi ndi moyo wa makolo akale. Mu December 2022 adabvomera poyera kuti ankagwiritsa nchito mankhwala a steroid. Ndi anyamata angati amene adadziyesa olephera chifukwa chosafanana naye? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wachitatu: cholinga. Ili ndilo funso lalikulu, ndipo tibwererako. Koma poyamba tione kumene njira ya kalilole ifikitsa munthu akaitsata kufikira kumapeto.

Njala yosakhuta

Munthu wofuna mphamvu kuti asenze thumba la makilogalamu 50, tsiku limene alisenza adziwa kuti wafika. Koma wofuna mkono waukulu adzafika liti? Waukulu kuposa wa yani? Nthawi zonse alipo wina womposa. Chilakolako chopanda polekezera sichikhuta, monga dyera la ndalama silikhuta.

Madotolo a maganizo alidziwa bvutoli. Mu 1997 Pope ndi anzake adalitcha muscle dysmorphia, ndipo mu 2013 lidalembedwa m'buku lalikulu la matenda a maganizo la ku America. Wodwala nthendayi, ngakhale ali ndi thupi lalikulu, akayang'ana m'kalilole aona munthu woonda. Aleka kucheza ndi anzake poopa kuphonya tsiku la zitsulo. Akana kudya paukwati kapena pamaliro chifukwa chakudyacho sadachipime. Anyamula ngakhale phewa liri kupweteka. Ena abvala malaya akulu ngakhale kukutentha kuti anthu asaone thupi limene iwo achita nalo manyazi. Kawirikawiri ziyamba m'zaka zomaliza za unyamata. Ameneyu safunika kumkalipira ngati wonyada. Afunika chifundo ndi thandizo la achipatala, pakuti chimene chioneka ngati kudzikonda pansi pake pali kudzida.

Munthu akafika pamenepo, wogulitsa mankhwala sakhala patali. Mankhwala a steroid ali abale a testosterone, amene akatswiri adayamba kupanga mu 1935. Akulitsa minofu msanga, ichi nchoona, ndipo Schwarzenegger mwini wake adabvomera kuti adawagwiritsa nchito m'masiku ake a mpikisano. Koma mtengo wake ngwotani? Kumapeto kwa mafupa aatali a mwana kuli malo ofewa pamene mafupawo akulira. Mankhwalawa angathe kutseka malo amenewa nthawi isanakwane, ndipo akatsekeka satsegukanso. Mnyamata agulitsa msinkhu wa moyo wake wonse kuti agule mkono wa chaka chimodzi. Thupi likaona testosterone wochokera kunja lileka kupanga wake, ziwalo zaumuna zifota, mphamvu yobereka ichepa, ndipo ena amera mabere. Mtima ukula molakwika, mitsempha ya magazi iwonongeka, chiwindi chibvutika. Ena apsa mtima msanga, ndipo akaleka agwa m'chisoni chachikulu. Obwerekana jakisoni apatsirana HIV ndi matenda a chiwindi. Andreas Münzer, ngwazi ya ku Austria yotchuka chifukwa cha thupi lopanda mafuta, adamwalira mu 1996 ali ndi zaka 31, ziwalo zake za m'kati zitaonongeka. Kunja adali fano losiririka.

Pano palibe chokaikitsa. Kumwa kapena kubaya mankhwala otere popanda matenda nkulakwira moyo umene tidapatsidwa kuti tiusunge. Wogulitsa kwa mwana alakwa koposa. Katekisimu wa Eklezia wa 1992, pamene alamula kusamala umoyo wa thupi, achenjezanso za kupembedza thupi, kumene kupereka zonse nsembe chifukwa cha maonekedwe ndi chipambano, ndi kunyoza ofooka. Mulungu wonama aliyense afuna nsembe, ndipo uyu afuna chiwindi ndi mtima.

Mau a mnyamata

Komatu tisaweruze mlandu titamva mbali imodzi. Mnyamata ali ndi mau ake, ndipo ngomveka. Iye ati: "Ine ndinali woonda, anzanga ankandiseka ndi kundikankha. Chiyambire zitsulo palibe wondiputa, ndipo ndiyenda mutu uli m'mwamba. Anzanga ena ali ku chamba ndi kachasu, ine ndiri ku jimu. Nanga alongo anga akaluka tsitsi ndi kudzola mafuta, bwanji simuwatcha onyada?"

Mau awa ali ndi choona chambiri, ndipo wamkulu amene awakankhira kumbali ataya mwana wake. Nzoona kuti mwana wonyozedwa afuna poimira, ndipo nkwabwino kuti apeze poimira pa khama lake koposa pa botolo. Nzoonanso kuti kufuna kuoneka bwino, ngakhale pamaso pa atsikana, nchibadwa cha msinkhu umenewo. Munthu amene asamba, napesa, nasita malaya sachimwa. Ambiri mwa anyamata onyamula zitsulo sadzadwala nthenda ya kalilole, ndipo sadzagwira jakisoni. Tisawaopseze ndi zoopsa zimene siziri zao.

Koma mwana wanga, tamvera ichi. Ngati unalimba mtima chifukwa mkono wakula, kulimba mtima kumeneko kudzaphwa tsiku limene mkono udzaphwa, kapena tsiku limene udzakomana ndi wa mkono woposa wako. Amene ankakuseka adakuphunzitsa bodza lakuti mtengo wa munthu uli pa thupi lake. Ukakulitsa thupi kuti uwatseke pakamwa, wapambana mkangano koma wabvomera bodza lao. Ndipo chizindikiro chake nchakuti posachedwa iwenso udzayamba kuseka woonda ndi wonenepa. Ulemu wako unali nao kale uli woonda, unali nao uli khanda losatha kudzutsa mutu, ndipo udzakhala nao uli nkhalamba yoyendera ndodo. Zitsulo sizidakupatse ulemuwo, ndipo sizingakulande.

Mphamvu nza yani?

Tabwerera tsono ku muyeso wachitatu. Chinthu chirichonse chidziwika ubwino wake poona nchito yake. Mpeni wabwino ndi wodula; khasu lopakidwa utoto nkupachikidwa pakhoma lasiya kukhala khasu. Papa Pius XII, polankhula kwa akatswiri a masewera mu 1952, adalongosola za dongosolo limeneli: masewera atumikira thupi, thupi litumikira mzimu, ndipo munthu yense alunjika kwa Mlengi wake. Dongosolo likatembenuka, kuti sukulu, chakudya cha pabanja, abwenzi ndi tsiku la Mulungu zonse zigwadire mimba, wantchito wakhala pa mpando wa mfumu. Paulo Woyera, polembera Akristu a ku Korinto, mzinda umene pafupi pake pankachitika masewera akulu zaka ziwiri zirizonse, sadanyoze othamanga. Adayamika kudziletsa kwao, nakumbutsa kuti nkhata ya masamba imene iwo ankalandira inkafota.

Mphamvu ziri ngati chuma: wopatsidwa zambiri ali ndi ngongole kwa wopatsidwa zochepa. M'mudzi muli agogo amene denga lao lidontha. Muli wodwala wofunika kumnyamula kufikira pamseu. Muli manda ofunika kukumba, njerwa za sukulu zofunika kusenza, mai wobwera kuchigayo ndi thumba pamutu, kamwana kamene akulu akalanda ndalama panjira ya kusukulu. Mnyamata amene anyamula makilogalamu 60 kuseri kwa nyumba, koma ati watopa pamene mai wake amtuma madzi, mphamvu zake nzachabe ngakhale mikono itatupa motani. Ndipo amene agwiritsa nchito mphamvuzo kuopseza mlongo wake, kapena m'tsogolo mkazi wake, kukadakhala bwino akadakhala wofooka.

Chotero, inu anyamata, nyamulani, koma dzifunseni mafunso awa moona mtima. Kukadakhala kuti padziko palibe kalilole ndi foni, kodi ndikadapitiriza? Ndikaphonya tsiku limodzi, kodi ndikhala ndi mtendere kapena ndidzida? Kodi ndidya pamodzi ndi abale anga chimene chaphikidwa, moyamika? Kodi mlungu uno mphamvu zanga zathandiza yani? Kodi pali chimene ndimwa kapena ndigula chimene sindingafune kuti bambo wanga achione? Mayankho ake adzakuuzani ngati muli mbuye wa zitsulo kapena kapolo wake. Phunzirani kanyamulidwe koyenera kwa munthu wodziwa musanaonjeze kulemera, pakuti safunsa adadya phula. Musanyamule cholemera pamwamba pa chifuwa muli nokha. Yesani kupita kwanu patsogolo ndi zimene thupi litha kuchita, osati ndi chingwe chopimira mkono.

Inunso makolo, musaseke thupi la mwana wanu, ngakhale mwanthabwala. Mau akuti "kaonde iwe" otuluka m'kamwa mwa bambo abaya kuposa a anzake khumi. Pitani mukaone kumene anyamulira ndi amene anyamula nao. Chenjerani mukaona mwana adzimana chakudya, atupa msanga modabwitsa, atuluka ziphuphu zambiri kumsana, apsa mtima kosazolowereka, kapena abisa timabotolo. Pamenepo lankhulani naye mofatsa, ndipo mupite naye kuchipatala. Koposa zonse, mpatseni nchito yeniyeni yofuna mphamvu zake, ndi kumthokoza akaigwira. Mnyamata amene adziwa kuti pakhomo amdalira safunafuna kwambiri maso a alendo.

Agriki ankasimbanso za imfa ya Milo. Atakalamba, akuyenda m'nkhalango, adapeza chipika chimene odula mitengo adachisiya chitang'ambika pang'ono, mphero ziri m'kati. Panalibe womtuma, panalibe wofuna nkhuni. Adangofuna kudzitsimikizira kuti akali Milo. Adalowetsa manja mumng'alu kuti aching'ambe, mphero zidagwa, chipika chidamtsina manja, ndipo zilombo zidampeza ali yekha. Ng'ombe ija adaisenza mwanzeru, koma chipika adachigwira chifukwa cha dzina.

Anyamata athu akule amphamvu. Dziko liwafuna otero, mabanja a mawa awafuna otero. Tiwapempherere ndi kuwathandiza kuti mikono imene ali kuisula lero idzakhale yoti ofooka akaiona, mtima wao uzikhala pansi.